Kuunika zifukwa za mphunzitsi wa chiyankhulo pa chikonzekero chake: njira iti imaonetsa zenizeni?

Zikonzekero ziwiri za phunziro zikhoza kufanana liwu ndi liwu, eni ake n'kukhala osiyana kutalitali pa ntchito. Tiyerekeze aphunzitsi awiri a Sitandade 2 amene onse alemba kuti ayamba ndi mawu akuti ngoma ndi ng'ombe asanapatse ana ndime yowerenga. Mukafunsa woyamba chifukwa chake, akuti ndi mmene buku la mphunzitsi lanenera. Wachiwiri akuti Lachiwiri, pochonga makope, anapeza kuti ana oposa theka analemba ngombe, kusonyeza kuti kachizindikiro ka pakati pa g ndi o sakukaona ngati kali ndi ntchito, ndiye akufuna makutu awo amve kusiyana kwa maliwu awiriwo asanakumane nawo m'ndime. Phunziro likakana pakati, wachiwiriyu adziwa pogwira. Woyamba angobwereza zomwezo mokweza mawu.

Ahedi, a PEA (alangizi a zamaphunziro a pulayimale m'zoni), aphunzitsi othandizira ophunzira zauphunzitsi pa sukulu ndi aphunzitsi a ku koleji onse amayenera kupeza kusiyana kumeneku. Njira zopezera zilipo zingapo, ndipo sizilingana pa nthawi imene zimadya, pa zimene zimaonetsa ndi pa malo amene zimanamiza.

Muyeso uyambe wamveka

Musanasankhe njira, gwirizanani kuti chifukwa chabwino ndi chotani, apo ayi woyang'anira aliyense azingoyamikira mphunzitsi amene amaganiza ngati iye. Lee Shulman, katswiri wa zamaphunziro wa ku America, anatsindika m'zaka za 1986 ndi 1987 kuti kudziwa phunziro ndi kudziwa njira zophunzitsira sizikwana pazokha: mphunzitsi ayenera kudziwa pamene mutu uwu umavutira ana awa, ndi mmene angausinthire kuti ulowe. Muyeso wothandiza umachokera pamenepo, ndipo masitepe anayi ndi okwanira.

Pansi penipeni pali chifukwa chongoloza ulamuliro: silabasi yatero, buku latero, ku koleji anatiuza choncho. Chotsatira ndi chifukwa cha mfundo yabwino koma yosamata paliponse, monga kunena kuti ntchito ya m'magulu imathandiza ana kutenga mbali. Mawuwa ndi oona, koma akhoza kulembedwa pa phunziro la masamu, la ulimi kapena la Chingerezi osasintha kanthu. Sitepe yachitatu ndi chifukwa chogwira chiyankhulo chenichenicho: mphunzitsi wa Chingerezi akuti ayamba ndi zithunzi za mnyamata ndi mtsikana pophunzitsa he ndi she popeza Chichewa chili ndi mlowam'malo mmodzi, iye, amene sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Pamwamba pali chifukwa chimene chikugwira chiyankhulo, chikutchula umboni wochokera kwa ana a kalasi imeneyo, ndipo chikunena njira ina imene mphunzitsi anaiganizira n'kuisiya. Amene wafika apa amatha kuyankha funso lakuti: mukanaona chiyani kuti musinthe maganizo?

Sitepe yoyamba si mlandu nthawi zonse. Kuyambira 2016, pamene pulogalamu ya kuwerenga ya NRP inayamba mu Sitandade 1, maphunziro a Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi a m'munsi amatsata buku la mphunzitsi lolembedwa sitepe ndi sitepe: mphunzitsi aonetse, achite pamodzi ndi ana, kenako ana achite okha. Mphunzitsi wotsata bukulo akuchita zimene anauzidwa. Zosankha zake zabisala m'malo ena: wabwereza gawo liti, wadumpha liti nthawi itachepa, waitana ana ati kubolodi, wawonjezera zitsanzo ziti. Woyang'anira amene sadziwa izi amafufuza zifukwa pamene palibe chosankha, n'kuphonya pamene chili.

Kuwerenga sikimu ndi chikonzekero chokha

Iyi ndiyo njira ya tsiku ndi tsiku, ndipo imatha m'mphindi 5 mpaka 10. Mumaona ngati zizindikiro za kakhonzedwe (zimene ana ayenera kukhoza pomaliza phunziro) zikugwirizana ndi ntchito zopatsa ana, ngati zipangizo zatchulidwa, ngati phunziro likutsatira sikimu. Imagwira zolakwa zoonekeratu, monga chizindikiro chakuti ana awerenge mosadodoma pamene ntchito zonse ndi zokopera pabolodi.

Pa nkhani ya zifukwa, njirayi ndi yosaona. Fomu ya chikonzekero ilibe malo ofunsa chifukwa, ndipo pepala lolembedwa mwaukhondo likhoza kukhala lokopedwa ku kope la chaka chatha kapena kwa mnzake wa kalasi inayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malo okhawo amene amaulula kanthu ndi gawo la ndemanga kumapeto kwa phunziro la dzulo. Liwerengeni pamodzi ndi chiyambi cha phunziro la lero. Ngati dzulo analemba kuti ana ambiri analephera agwirizanitsi a gulu la chi- ndi zi-, monga kunena zipatso chapsa, koma lero akupita ku mutu wina osakhudzako, mwapeza funso loti mukamufunse. Ngati ndemanga za milungu itatu zonse zikuti phunziro linayenda bwino, ndiye kuti gawolo lasanduka mwambo chabe.

Kulemba zifukwa pambali pa chikonzekero

Apa mphunzitsi amapemphedwa kusankha zinthu ziwiri kapena zitatu m'chikonzekero chake n'kulemba mizere itatu kapena inayi pa chilichonse. Njirayi imakwanira bwino ophunzira zauphunzitsi. M'ndondomeko ya IPTE, yophunzitsira aphunzitsi a pulayimale, imene inakonzedwanso mu 2017, iwo amakhala materemu awiri ku koleji, awiri ku sukulu zoyeserera, kenako awiri ku koleji, choncho zolemba za ku sukulu zikhoza kubwerera nawo n'kukakambidwa modekha m'materemu otsirizawo.

Ubwino wake ndi wakuti mphunzitsi wamanyazi, amene amasowa mawu pamaso pa bwana, amapeza mpata woganiza. Zolembazo zimasungika, ndipo mukhoza kuyerekeza za mlungu wachiwiri ndi za mlungu wa 10. Vuto lake ndi lakuti imayeza luso lolemba pamodzi ndi luso loganiza, makamaka ikakakamizidwa kukhala m'Chingerezi. Ophunzira amazindikiranso msanga mawu amene aphunzitsi awo amakonda, n'kuwadzaza papepala. Mankhwala ake ndi malamulo awiri: chifukwa chilichonse chitchule liwu, phatikizo, mawu kapena chiganizo chenicheni cha phunzirolo, ndipo chitchule chimene ana anachita kapena kulephera posachedwa. Muloleni alembe m'Chichewa ngati akufuna. Musapemphe zimenezi pa phunziro lililonse. Mphunzitsi wa pulayimale amakonza maphunziro ambiri pa tsiku, ndipo mukamuchulukitsira, ayamba kukopera zifukwa zake zomwe. Kamodzi pa mlungu ndi kokwanira.

Kukambirana phunziro lisanayambe ndi litatha

Njira iyi, imene Morris Cogan ndi Robert Goldhammer anaikhazikitsa ku Harvard cha m'ma 1960, ndiyo imene ndikuiona kuti imabweza zambiri poyerekeza ndi nthawi imene imadya, ngati yachitidwa yonse. Imafuna mphindi 10 phunziro lisanayambe, phunziro lonse la mphindi 30 kapena 35 ku pulayimale kapena 40 ku sekondale, ndi mphindi 20 litatha. Gawo limene limadumphidwa kawirikawiri ndi loyambalo, pamene ndilo lofunika koposa. Chifukwa chonenedwa phunziro lisanachitike ndi ulosi umene ukhoza kuyesedwa. Chonenedwa litatha chimakhala chosokedwa kuti chikwane zimene zachitika kale.

M'mphindi 10 zoyambazo mafunso atatu ndi okwanira. Ndi pati pamene mukuyembekeza kuti ana avutika? Mwakonzapo chiyani pamenepo? Nthawi ikachepa, musiya gawo liti? Lembani mayankho m'mawu ake enieni. Funso lachitatu limaulula zambiri, popeza chimene munthu savomera kusiya ndicho amachiona ngati mtima wa phunziro. Mphunzitsi amene akuti asiya gawo loti ana awerenge okha kuti amalize kulemba manotsi pabolodi wakuuzani mmene amaonera kuphunzira chiyankhulo, ngakhale chikonzekero chake chitanena zina.

M'kalasi musalembe ziweruzo. Lembani nthawi ndi zochitika: 8:12, wafunsa tanthauzo la mawu akuti mlamu, manja asanu ndi limodzi, 8:15, wasiya tchati, wajambula banja pabolodi, 8:24, magulu a kumbuyo alibe buku. Mukakhala pansi pambuyo pake, yambani ndi ulosi wake uja. Munati avutika pa maphatikizo a malembo atatu, kodi ndi pomwe anavutikiradi? Kenako tengani malo amodzi pamene anapatuka pa chikonzekero. Kupatuka si kulakwa. Nthawi zambiri ndi pamene nzeru ya mphunzitsi imaonekera poyera, ndipo woyang'anira amene amachotsa malikisi pa kupatuka kulikonse amaphunzitsa aphunzitsi kupitiriza phunziro lakufa.

Chimene chimaononga njirayi ndi ulemu wathu womwe. Mphunzitsi wachinyamata akamva a PEA akufunsa kuti n'chifukwa chiyani munachita zakuti, amamva ngati wadzudzulidwa, ndipo yankho limakhala lakuti pepani bwana, ndikonza. Pamenepo simunamve chifukwa chilichonse. Sinthani kafunsidwe: ndinaona kuti munabwerera ku Chichewa pofotokoza mawu aja, munaona chiyani pa nkhope za ana? Mukafunsa, khalani chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masekondi 10 a chete amatulutsa yankho limene funso lachiwiri likanalitsekereza. Khalani pa benchi limodzi, osati kuseri kwa tebulo la ahedi, ndipo fomu ya malikisi ikhale yotseka mpaka kukambirana kutatha.

Vuto lina ndi la woyang'anira mwini. Amene sanaphunzitsepo chiyankhulo sangasiyanitse chifukwa cha sitepe yachiwiri ndi cha yachitatu. Mphunzitsi akanena kuti wapatula mphindi zisanu pa light ndi right popeza m'Chichewa l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, kapena pa ship ndi sheep popeza Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, woyang'anira ayenera kudziwa kuti izi ndi zoona. Ayeneranso kudziwa kufunsa ngati vutolo likukhudza cholinga cha lero, popeza chifukwa chikhoza kukhala choona koma chosayenera nthawi imene chadya.

Kujambula phunziro pa foni n'kuonera limodzi

Foni yoikidwa pa windo kapena pa desiki la pambali imajambula phunziro, kenako mphunzitsi amaonera n'kuimitsa kanemayo pamene akukumbukira kuti anasankha kanthu. Njirayi imafika pamene zina sizifika: zosankha za m'kaphindi, monga kumusiya mwana amalize chiganizo cholakwika m'malo momudula. Imathetsanso mkangano wakuti sindinatero, popeza zonse zili pamaso.

Mtengo wake ndi wokwera. Phunziro la mphindi 35 limafuna pafupifupi ola kuti mulionere ndi kukambirana, choncho sankhani zidutswa ziwiri za mphindi zisanu. Muonere tsiku lomwelo kapena mawa lake. Pakapita mlungu, mphunzitsi sakumbukiranso zimene ankaganiza, amangofotokoza zimene akuona ngati mlendo. M'kalasi ya ana 90, kapena mvula ikamagwa pa malata, foni imagwira mawu a mphunzitsi yekha, mayankho a ana n'kutayika, pamene pa phunziro la chiyankhulo mayankhowo ndiwo umboni. Kuika foni yachiwiri pakati pa gulu limodzi kuti izigwira mawu okha kumathandiza. Ulendo woyamba mphunzitsi amangoona zovala zake ndi kayendedwe kake, ndiye musaweruze kanthu pa kanema woyamba. Ndipo muli ana m'kanemayo: pemphani chilolezo kwa ahedi, makolo adziwitsidwe kudzera ku komiti ya sukulu, kanemayo asatumizidwe pa WhatsApp, ndipo afufutidwe ntchito ikatha. Ndi njira yoyenera mphunzitsi amene mukumuthandiza kwa nthawi yaitali, osati ulendo wa tsiku limodzi.

Kumupatsa ntchito yokonza phunziro muli pomwepo

Mumamupatsa ndime yaifupi, chithunzi cha kalasi m'mizere isanu ndi mphindi 20 kuti akonze phunziro akulankhula zimene akuganiza. Akamaliza, mumasintha chinthu chimodzi. Mwachitsanzo: kalasi ija ili ku Mangochi ndipo ana ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, kapena ili ku Rumphi kumene Chichewa amakumana nacho kwambiri kusukulu, kapena mabuku ndi 15 okha pa ana 80. Musintha chiyani?

Palibe njira ina imene imavundukula msanga chifukwa choloweza ngati iyi. Amene amaganizadi amayamba ndi kufunsa: ana amenewa anaphunzira kale maphatikizo ati? Akamva za Chiyao kapena Chitumbuka, amawonjezera nthawi ya mawu atsopano asanawerengetse, amafuna zinthu zogwirika zoonetsa, amalola ana kufotokozerana m'chiyankhulo chawo asanayankhe. Akamva za mabuku 15, amalemba ndime pa tchati kapena pa katoni. Amene analoweza amabwereza chikonzekero chomwecho n'kuwonjezera kuti ayesetsa.

Popeza onse amalandira ntchito yofanana, njirayi ndi yachilungamo poyerekeza anthu ambiri, monga ku koleji kapena pa maphunziro a pa TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumana kuti awonjezere luso. Kufooka kwake n'kwakuti ana ake ndi ongopeka. Munthu akhoza kuganiza bwino ali pa mpando, akagwira choko m'manja n'kuchita zina. Palinso aphunzitsi akale aluso amene amasankha molondola koma sadziwa kufotokoza, ndipo njirayi imawapondereza. Kwa iwo, kanema kapena kukambirana pa phunziro lenileni ndi kumene kumawamasula.

Kukonza ndi kuonerera phunziro ngati gulu

Njira yochokera ku Japan imeneyi inafika ku Zambia mu 2005, kuyambira ku Central Province mothandizidwa ndi JICA, bungwe la chitukuko la boma la Japan. Ku Malawi, kukonzera limodzi maphunziro kumadziwika kwambiri kwa aphunzitsi a masamu ndi sayansi a ku sekondale kudzera mu pulogalamu ya SMASSE. Aphunzitsi anayi mpaka asanu ndi mmodzi amakonza phunziro limodzi, mmodzi amaphunzitsa ena akuyang'ana ana, amakambirana, amakonzanso, wina n'kuliphunzitsa ku kalasi ina. Zimatenga misonkhano iwiri kapena itatu.

Pomanga luso lopereka zifukwa, iyi ndi yamphamvu, popeza mnzako akatsutsa chitsanzo chako umayenera kuchiteteza ndi mfundo. Poyeza munthu mmodzi, ndi yosayenera. Chikonzekero ndi cha onse, wamkulu pa gulu amalankhula kwambiri, ndipo mukangolowetsamo malikisi anthu amasiya kuvomera zimene sakudziwa. Isiyeni ikhale ya kuphunzira.

Makope a ana ngati mboni

Iyi si njira yoima payokha, koma imalimbitsa zina zonse. Mphunzitsi akanena kuti wabwereza mutu popeza ana sanamve, tengani makope 10: atatu a kutsogolo, anayi a pakati, atatu a kumbuyo, anyamata ndi atsikana, osankha inu. Mphindi 10 zikuuzani ngati chifukwacho chili ndi mizu. Nthawi zina mupeza kuti vuto limene watchula lilipodi koma lili mwa ana atatu okha, pamene vuto lalikulu, monga kulumikiza mawu onse popanda mipata, sanalione. Mu Sitandade 1, kumene zolemba ndi zochepa, itanani ana asanu awerenge maphatikizo 10 aliyense.

Kusankha malinga ndi mpando umene muli

Ahedi ali ndi mwayi umene ena alibe: amaona mphunzitsi mlungu uliwonse. Kwa iwo, kuwerenga ndemanga ya dzulo pamodzi ndi chiyambi cha lero, kuwonjezera funso limodzi la pakamwa posaina, ndi kukambirana kwathunthu kamodzi pa teremu kwa mphunzitsi aliyense, ndi katundu wonyamulika. A PEA, amene ali ndi sukulu zambiri m'zoni ndipo amafika mwa apo ndi apo, apindula kwambiri akafika msanga kuti apeze mphindi 10 zija phunziro lisanayambe, n'kutsiriza ndi makope. Kuonerera maphunziro awiri mokwanira kumaposa kulowa m'makalasi asanu theka theka. Ku koleji, kumene malikisi amakhudza tsogolo la munthu, phatikizani zifukwa zolemba, ntchito yokonza phunziro muli pomwepo ndi phunziro lenileni, popeza iliyonse imatseka bowo la inzake. Miyezo ya maphunziro ya dziko lino ya 2015 imakhudza kale kukonzekera maphunziro, choncho palibe chifukwa chopangira fomu ina yaitali. Mzere umodzi wa sitepe ya chifukwa, ndi mawu enieni a mphunzitsi pambali pake, ndi wokwanira.

Kulikonse kumene oyeza ndi oposa mmodzi, ayambe ayesana okha. Tengani mayankho asanu olembedwa, aliyense awaike pa sitepe payekha, kenako yerekezani. Mukasiyana pa mayankho oposa limodzi, muyeso wanu sunamveke, ndipo kusiyanako kawirikawiri kumakhala pakati pa sitepe yachiwiri ndi yachitatu, pamene mawu okoma a ku koleji amanyenga khutu. Chenjeraninso ndi mphunzitsi wolankhula bwino: yankho lalitali si yankho lakuya. Wina akhoza kungoti, a kumbuyo aja sanagwire nkh dzulo, ndiye ndayamba ndi nkhuku ndi nkhosa m'malo mwa nyimbo, ndipo m'chiganizo chimodzicho muli liwu, umboni ndi njira yosiyidwa.

M'buku la maulendo lembani zinthu zitatu: chosankha chimene mwakambirana, chifukwa m'mawu a mphunzitsi, ndi chimene mwagwirizana kuti mudzaone ulendo wotsatira, monga ngati ana a mizere iwiri ya kumbuyo akulemba ng' molondola pofika Lachisanu la mlungu wachitatu. Mukabweranso, yambirani pa mzere umenewo, makope a ana omwewo ali pa tebulo.